KODI MUNTHU WOSAONA AYENERA KUSEWERA?

Funso limene liri pamwambali lingaoneke ngati laling'ono, losayenera kudya malo m'buku la caka conse. Koma kawiri kawiri mafunso ang'ono ndiwo amene aulula za mu mtima wa mudzi. Masiku ano foni za m'manja zafika pali ponse, ngakhale kuno kwa Tembwe m'boma la Chama, m'cigwa ca Luangwa. Madzulo anyamata ndi atsikana aunjikana pa golosale kapena pansi pa mtengo, mitu iri pamodzi, maso ali pa kagalasi kowala, ali kusewera masewera amene iwo awachula magemu. Aseka, apikisana, nanyogodolana. Ndipo m'midzi yomweyo muli anthu amene maso ao saona: mwana amene cikuku cinamuononga maso, mai amene nthenda ya trachoma inampindira zikope m'kati, nkhalamba imene ng'ala yaiphimba. Awa amva kuseka kuja, koma sadziwa cimene ciri kuseketsa anzao.

Kodi pamenepa pali kanthu kolakwika, kapena ndi m'mene zinthu ziyenera kukhalira? Ambiri a ife tingayankhe msanga kuti wosaona afunika nsima, cobvala, ndodo yoyendera, mankhwala ndi sukulu, ndipo kuti masewera nga anthu okhuta. Yankho limeneli limveka lanzeru ndi lacifundo, koma liri ndi cosowa cacikulu. Pakuti munthu amene tamtsekera kunja kwa masewera, tamtsekeranso kunja kwa ubale.

KUSEWERA NCIANI?

Tiyambe taganiza cimene cicitika anthu awiri akakhala pa nsolo. Pa nsolo palibe wamkulu ndi wamng'ono. Nyakwawa ikhoza kudyeredwa miyala yonse ndi mnyamata wosakwatira, ndipo sipakhala mlandu. Malamulo ali amodzi kwa onse awiri. Palibe wopempha, palibe wopatsa. Ali yense abwera ndi nzeru zace, nalimbana ndi mnzace monga wolingana naye.

Tsono taganizani za moyo wa munthu wosaona m'midzi yathu. Alipo ambiri amene alima, aluka mphasa ndi madengu, aphunzitsa m'sukulu, nadyetsa mabanja ao. Koma ngakhale awa, anthu awalankhula ndi mau acisoni. Enanso kuyambira m'mawa kufikira usiku ali olandira okha okha: awatsogolera, awatungira madzi, awaikira nsima pafupi ndi dzanja. Zonsezi nzabwino, ndipo ozicita ayenera kuyamikidwa. Koma munthu amene angolandira cifundo masiku onse, osapeza ndi mmodzi yemwe wopikisana naye, pang'ono ndi pang'ono ayamba kudziyesa mtolo wa pa mudzi. Pa masewera ndi pamene munthu akhoza kugonja osacita manyazi, ndi kupambana osati cifukwa wina wamleka dala. Wokucitira cifundo aimirira pamwamba pako; wosewera nawe akhala pansi pamodzi ndi iwe pa mphasa imodzi. Munthu afuna onse awiri, ndipo kulakwa kwathu nkwakuti wosaona timpatsa woyamba yekha.

MASEWERA A MAKOLO ATHU

Masewera ambiri a makolo athu anali ndi khomo lotsegukira wosaona. Nthano ndi zirapi zinali za usiku, moto utazirala, ndipo mu mdima wopenya ndi wosaona ali cimodzimodzi. Wopambana ndiye wa khutu lakuthwa ndi mutu wosunga. Wosimba nthano akati, "Padangokhala," onse anabvomera kuti, "Tiri tonse," ndipo mau amenewa anali oona, pakuti panalibe wotsalira. Nsolo nayo njosewera ndi zala: mizere inai ya maenje okumbidwa pansi kapena osemedwa pa thabwa, ndi timiyala timene dzanja likhoza kuwerenga. Wosaona asowa cinthu cimodzi cokha, ndico kuti mnzace amlole kupapasa maenje a mbali zonse ziwiri asanasunthe. Ngakhale pa drafuti wa zotsekera mabotolo, zina zikhala cagada, zina zobvundikira, ndipo cala cizindikira za mwini ndi za mdani.

Makolo sanakhale upo kuti akonzere osaona zimenezi. Masewera ao anapangidwa ndi mau ndi zinthu zogwirika, motero khomo linatseguka lokha. Ndiponso tisawatamande kopitirira, pakuti ndi kale lomwe osaona ambiri anali kusiyidwa m'nyumba. Lero zikali comweco. M'nyengo ya dzinja, anthu akapita ku minda ya mpunga, kapena akakagona ku misasa kulondera njobvu, wosaona atsala yekha pa khonde dzuwa lonse. Pamene nthano ziri kucepa cifukwa ca wailesi ndi foni, ndipo kuseka kwa pa mudzi kuli kusamukira pa galasi, iye ataya zakale osalandira zatsopano.

GALASI LOSALALA NDI MAU OLIWERENGA

Foni zoyamba zija za mabatani zinali ndi kacifundo kamodzi kamene ambiri sanakazindikire. Pa batani la nambala 5 pali kadontho kotukuka, kuti cala cikakapeza cidziwe pamene manambala ena onse ali. Koma masewera ace, monga aja a kanjoka amene kampani ya Nokia inaika m'foni zace m'caka ca 1997, anali a maso okha. Pambuyo pace zinafika foni zagalasi, ndipo kadontho kaja kanacoka. Galasi liri losalala ngati madzi a pa dziwe. Cala ciyenda kucokera pamwamba kufikira pansi osakumana ndi kanthu.

Mankhwala a bvuto limeneli anapezeka. M'caka ca 2009 kampani ya Apple inaika mu iPhone mau owerenga galasi ochedwa VoiceOver, ndipo caka comweco Google inatulutsa TalkBack wa m'foni za Android, zimene ndizo zofala m'dziko lathu. Kacitidwe kace nkotere: munthu akaika cala pa galasi, foni ichula dzina la cinthu cimene wakhudza, akakoka cala kumanja, ichula cotsatira, akagogoda kawiri, citseguka. Motero wosaona akhoza kuimba foni, kumva makalata, ndi kulemba yekha.

Nanga bwanji masewera ambiri akali otsekeka? Cifukwa cace ndi ici. Mau aja sapenya galasi monga diso lipenyera. Awerenga maina amene wopanga analemba kuseri kwa batani liri lonse. Masewera ambiri ajambulidwa monga cithunzi cimodzi cacikulu, copanda maina kuseri kwace, ndipo mau aja akafika pamenepo angokhala cete. Masewera ena afunanso kuti munthu athamangitse cala pa kanthawi kocepa, kapena asiyanitse zinthu ndi mtundu wokha, cofiira ndi cobiriwira. Pamenepa tiona kuti cotsekereza siciri m'maso a wosaona mokha. Ciri m'nchito ya wopanga amene sanamkumbukire. Cilamulo ca Mose, pa Levitiko 19, cinaletsa kuika copunthwitsa pa njira ya wakhungu. Wopanga masewera saika mwala umenewu ndi mtima woipa. Auika cifukwa coiwala. Koma cala ca wopunthwa cipweteka cimodzimodzi.

ZIMENE ENA ACITA

Alipo opanga amene anakumbukira, ndipo anatsata njira ziwiri. Njira yoyamba ndiyo kupanga masewera a makutu okha. M'caka ca 2010 kampani ina ya ku London inatulutsa Papa Sangre, masewera opanda cithunzi, m'mene wosewera anali kuyenda mu mdima, namva ndi tomvera ta m'makutu ngati coopsa ciri kumanzere kapena kumanja, pafupi kapena patali. M'caka ca 2015 ku France kunatuluka A Blind Legend, nthano ya msilikali wosaona amene atsogozedwa ndi mau a mwana wace wamkazi. Ku America munthu wina dzina lace Marty Schultz anapanga masewera ochedwa Blindfold Games, amene pofika m'caka ca 2017 anali oposa 80: a makadi, a mau, ndi ena oyendetsa galimoto, m'mene nyimbo ya m'makutu ndiyo iuza munthu kuti wapatuka pa mseu.

Njira imeneyi inayamba kale, foni zisanabadwe. M'caka ca 1946 Hanz Lorenzen wa ku Austria ndi Sepp Reindle wa ku Germany anakonza masewera a goalball cifukwa ca asilikali amene anataya maso pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mpira wace uli ndi mabelu m'kati, osewera ali atatu mbali iri yonse, onse amangidwa m'maso, ndipo oonerera ayenera kukhala cete kuti mabelu amveke. Taonani kuti anthu amene anasamala asilikali aja sanayese masewera cinthu copanda pace; anawayesa mbali ya kucira.

Njira yaciwiri ndiyo kutsegula masewera amene anthu onse asewera kale. Pa chesi wa osaona timabwalo takuda tikhala totukuka, ndipo zosewerera ziri ndi kamsomali kolowa m'kabowo kuti dzanja lisazigwetse popapasa. Bungwe la dziko lonse la chesi wotere linakhazikitsidwa m'caka ca 1958. Pa intaneti, malo osewerera chesi kwaulere ochedwa Lichess ali ndi njira ya osaona, m'mene makina anena ndi mau kusuntha kuli konse, ndipo wosewera naye ali kutali sadziwa kuti mnzace saona. Akagonja, wagonja ndithu kwa munthu wanzeru zomposa.

Njira zonse ziwiri nzabwino, koma yaciwiri ndiyo iri pafupi ndi nsolo. Masewera a osaona okha ali ngati nsima yabwino imene munthu aidyera yekha m'nyumba. Masewera a onse ali ngati nsima ya pa bwalo. Kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu.

MAU A OTSUTSA

Tsopano timve otsutsa, pakuti mau ao ali ndi kulemera.

Woyamba ati: "M'cigwa muno muli njala ya zaka zina, zipatala ziri kutali, ana ena osaona sanaponde m'sukulu. Kodi ino ndi nthawi yonena za masewera?" Nzoona kuti njala ndi matenda ziyenera kutsogola. Ng'ala icotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo nkhalamba imene ikhoza kuonanso tisaipatse foni m'malo moiperekeza ku cipatala. Koma tizindikire kuti ana athu openya sitiwaletsa mpira kufikira njala idzathe. Muyeso umene tiyesera wopenya tiyesere wosaonanso. Tikumbukirenso za kuwerenga. Louis Braille anabadwa ku France m'caka ca 1809, nabvulala diso ali ndi zaka zitatu posewera ndi cipangizo ca atate wace, nakhala wosaona. M'caka ca 1824 anakonza zilembo za timadontho tisanu ndi kamodzi zowerenga ndi zala, nazifalitsa m'caka ca 1829. Koma dziko lace linazibvomera m'caka ca 1854, iye atamwalira. Kuno kwathu, m'caka ca 1905, Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu pa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata, ndipo iyi ndiyo inali sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko lino. Masiku amenewo njala ndi matenda zinalipo, ndipo munthu akadatha kufunsa kuti wakhungu awerengerenji pamene openya ambiri sanali kuwerenga. Lero palibe amene anena kuti nchito ija inali yopanda pace. Cimene mbadwo wina uciyesa coonjezera, mbadwo wotsatira uciyesa cofunika.

Maboma naonso abvomereza zimenezi. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, la m'caka ca 2006, pa ndime 30 linena za ufulu wao wa kusewera ndi kusangalala pamodzi ndi ena, nichulanso ana. Dziko la Zambia linalowa m'panganoli m'caka ca 2010, ndipo m'caka ca 2012 linakhazikitsa lamulo lace la anthu olumala.

Waciwiri ati: "Masewera a pa foni adya nthawi ndi ndalama. Anyamata aiwala khasu, agula mabandulo ndi ndalama ya sopo, ndipo ena agwa m'njuga ya kubecha. Wosaona ali ndi mwai kuti zimenezi sizimfika." Mau oyambawo ngoona, ndipo tiyenera kucenjeza onse. Masewera amene aitanitsa ndalama nalonjeza kubweza zambiri ndiwo njuga, ngakhale abvale cobvala cotani, ndipo aononga wopenya ndi wosaona yemwe. Koma mau otsirizawo ali ndi cinyengo. Munthu amene sacita coipa cifukwa khomo latsekedwa sitimchula wodziletsa. Kudziletsa nkwa munthu amene akhoza kulowa, nasankha yekha. Tikati khomo likhale lotseguka kwa ife ndi lotseka kwa iye kuti atetezeke, tamsandutsa mwana wamng'ono munthu amene ali ndi imvi. Ciphunzitso ca kusunga nthawi ndi kupewa njuga ciperekedwe kwa onse mofanana.

Wacitatu ati: "Mukampatsa foni adzakhala yekha koposa kale, tomvera tiri m'makutu, osalankhula ndi munthu." Uyu ndiye wanena coopsa ceniceni, koma coopsaco ciri mwa ife. Nkotheka kupatsa munthu foni monga mai apatsira mwana cinthu kuti asamsokose. Tikatero tangosintha maonekedwe a kusiyidwa kwace. Masewera a pa foni athandiza pa maora aja amene mudzi uli ku munda, ndipo akhoza kumlumikiza ndi anzace a kutali. Koma sangalowe m'malo mwa mbale wokhala naye pansi madzulo.

ZOBVUTA ZA KUNO KWATHU

Tisabise kuti pakati pa London ndi Tembwe pali mtunda wautali. Masewera ambiri a osaona, monga a Marty Schultz aja, anapangidwira iPhone, imene mtengo wace ngwosafikirika kwa mlimi wa mpunga. Kuchaja foni kudalira sola, ndipo netiweki ipezeka pena, pena isowa. Koposa zonse pali cinenero: masewera amene tawachula alankhula Cingerezi kapena Cifalansa, pamene nkhalamba ya kwa Tembwe ilankhula Cisenga ndi Cinyanja. Cotero masewera oyenera kuno ndiwo opepuka, oyenda pa foni yochipa ya Android, osafuna intaneti nthawi zonse, osaitanitsa ndalama, ndiponso olankhula cinenero cathu.

Pamenepa pali nchito ya ana athu amene aphunzira za makompyuta pa University of Zambia ku Lusaka, pa Copperbelt University ku Kitwe, ndi m'masukulu ena. Asayembekeze kuti munthu wa kutsidya la nyanja adzawapangire nsolo yolankhula, pakuti iye nsolo saidziwa. Nsolo imene ichula dzenje liri lonse ndi kuculuka kwa miyala yace, kapena masewera a zirapi ndi miyambi ojambulidwa ndi mau a anthu athu, siziposa nzeru zao. Koma asunge lamulo limodzi: aitane osaona eni ace kuyambira tsiku loyamba, awafunse, nawapatse kuyesa. Wopenya akatseka maso kwa ora limodzi sadziwa zimene adziwa munthu amene wakhala zaka makumi awiri ali kuyenda ndi makutu ndi zala. Mutu umodzi susenza denga.

ZIMENE IFE TINGACITE

Ambiri a ife sitidzapanga masewera a pa foni, koma tiri nazo zocita zimene sizifuna ndalama.

Coyamba, inu anyamata odziwa foni, funani TalkBack m'malo osinthira zinthu a foni yanu, muphunzire kacitidwe kace, ndipo muphunzitse mbale wanu wosaona mofatsa, kufikira atayenda yekha. Kwa iwo amene aona pang'ono, kulitsani zilembo ndi kuwala kwa galasi. Mukambwereka foni musamuime pamutu ndi kumfulumiza.

Caciwiri, inu amisiri a matabwa, semani bolodi la drafuti la timabwalo tomveka ndi cala, ndi nsolo ya maenje akuya kuti miyala isamwazike.

Cacitatu, mukasewera ndi wosaona musamnyenge, pakuti kusuntha mwala mwakabisira pamaso pa munthu wosaona ndiko kuba kocititsa manyazi. Ndiponso musamlole kupambana dala, pakuti kumeneko ndiko kumpeputsa. Iye adzazindikira, ndipo cidzamuwawa koposa kugonja. Sewerani naye ndi mphamvu zanu zonse. Akale anati, wakhungu akati ndikugenda, waponda mwala. Musadabwe akakudyerani miyala yonse.

Cacinai, inu makolo a mwana wosaona, musamtsekere m'nyumba poopa kuti adzagwa. Mwana ali yense agwa, nadzuka. Mpira wa mapepala muikemo kabotolo ka timiyala kuti uzimveka, ndipo anzace adzaphunzira kusewera naye.

Potsiriza, tikumbukire kuti nkhani iyi siiri ya anthu ena akutali ndi ife. Bungwe la za umoyo la World Health Organization linanena m'caka ca 2019 kuti anthu osacepera 2.2 biliyoni pa dziko lapansi ali ndi bvuto la maso, lalikulu kapena laling'ono. Ali yense wa ife amene adzafika ku ukalamba adzaona zilembo zikucepa ndi nkhope za adzukulu zikucita mbuu. Khomo limene titsegulira mnzathu lero ndi lomwelo limene tidzafuna kulowerapo mawa. M'caka cimene tiri kuyambaci, mudzi uli wonse ndi banja liri lonse lidzifunse madzulo, pamene kuseka kwayamba pa bwalo, kuti ndani watsala pa khonde. Ndipo wina anyamuke, akamtenge, nampatse malo pa mphasa.